Sefa ya Pansi pa Damu

Kukampani yamadzi aliyense ankamutcha Mapaipi, chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi ntchito yake inali imeneyo: kukumba pomwe paphulika, kudula, kulumikiza, kukwirira. Anali munthu wa mawu ochepa. Mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono, ankayendetsa mapampu pakampani yomweyo, ndipo iyeyo ankatchedwa Wailesi, poti akayamba kulankhula anthu ankasowa pomuthimitsira.

Kampani italengeza kuti ikufuna anthu awiri okaphunzira kugwira ntchito pansi pa madzi, kuti ileke kumaitanitsa akatswiri akutali nthawi zonse sefa ya kudamu ikatseka, Wailesi analembetsa mayina awiri. Mapaipi anangomva kwa kapitawo kuti Lolemba anyamuka.

"Alamu, mwandilembetsa bwanji osandifunsa?"

"Ndikanakufunsani mukanati mukaganize kaye, ndipo mukanaganiza mpaka kupuma pantchito. Inu mumakhalira m'matope tsiku ndi tsiku. Tiyeni mukasambeko ndi boma lomwe likudziwa."

Aphunzitsi awo anali mayi wamfupi wa imvi, amene khutu lawo lakumanzere silinkamva. Sankakweza mawu. Tsiku loyamba, asanalole aliyense kukhudza silinda ya mpweya, anaimika ophunzira onse asanu ndi mmodzi m'mbali mwa dziwe losambiramo.

"Lamulo lalikulu ndi limodzi," anatero. "Pumani. Musagwire mpweya m'chifuwa ngakhale kamphindi. Kokani pang'onopang'ono, tulutsani motalikirapo. Chopumira chikakuchokani pakamwa, muzitulutsabe timathovu mpaka mutachipeza."

"Ndiye ine ndalephera kale," anatero Wailesi. "Mkazi wanga amati pakamwa pangapa sipapuma."

Onse anaseka kupatula aphunzitsiwo.

Masiku oyamba Mapaipi anavutika. Silinda inkamulemera kumsana, jekete ya mpweya inkamuthina, ndipo zipsepse za kumapazi zinkamupunthwitsa ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Akatsika pang'ono makutu ankamubaya, mpaka anaphunzira kutsina mphuno n'kupemerera pang'ono ululu usanayambe. Koma chinthu chimodzi chinamubwerera chokha. Anapeza kuti akakoka mpweya thupi limakwera pang'ono, akatulutsa limatsika, ndipo munthu wodekha atha kulendewera pakati pa madzi osagwira kanthu. Aphunzitsi ataona geji yake yoonetsa mpweya wotsala m'silinda kumapeto kwa phunziro anagwedeza mutu.

"Inu mumapuma ngati munthu wogona. Ndi mmene zimafunikira."

Wailesi anali wachangu pa zonse. Ankamanga zida zake ena asanamalize kuvala, zizindikiro za manja anaziloweza tsiku limodzi, ndipo pansi pa madzi ankapeka zake zina zotukwana zomwe zinkaseketsa anzake mpaka kutsamwa. Koma silinda yake inkatha msanga kuposa ya wina aliyense, ndipo panali phunziro limodzi lomwe ankadana nalo. Wophunzira ankayenera kugwada pansi pa dziwe, kuvula magalasi kumaso, kupuma ndi pakamwa pokha kwa mphindi yathunthu madzi ali m'mphuno, kenako kuvalanso magalasiwo n'kuthamangitsa madziwo ndi mpweya wa m'mphuno. Kawiri konse Wailesi anathawira pamwamba akutsokomola.

"Madzi akangondikhudza m'mphunomu, khosi limadzitseka lokha," anauza Mapaipi ali kuchipinda chomwe ankagona. "Ndili mwana anzanga anandimiza pamtsinje. Thupi siliiwala, alamu."

"Auzeni aphunzitsi."

"Kuti andibweze? Mlongo wanu wauza kale msewu wonse."

Tsiku la mayeso, Wailesi atangovula magalasi, wophunzira wina kumapeto kwa mzere anayamba kuyandama mosafuna, aphunzitsi n'kutembenuka kukamugwira. Mapaipi anali atagwada pafupi. Anaona mlamu wake akukweza dzanja n'kutsina mphuno ndi zala ziwiri, n'kukhala choncho mpaka aphunzitsi anatembenukanso. Mphindi inakwana. Wailesi anavala magalasi, napanga chizindikiro choti zonse zili bwino, kenako anamutsinzinira Mapaipi diso limodzi. Mapaipi sananene kanthu kwa munthu aliyense.

Sabata yachiwiri anapita kuchidzenje chakale chokumba miyala, chodzala madzi oyera. Kumeneko aphunzitsi anawatsitsa mamita khumi, natulutsa baluni yofiira m'thumba la jekete, naifufumitsa ndi mpweya wa m'silinda, naimanga pakamwa n'kuitaya. Onse anaiyang'ana ikukwera, ikufufuma, ikufufumabe. Isanafike pamwamba inaphulika, tizidutswa take n'kumatsika pang'onopang'ono.

"Amenewo ndi mapapo anu," anatero atatuluka. "Mpweya womwe mwakoka pansi umafufuma mukamakwera. Mukatseka khosi, udzipezera wokha khomo. Choncho kwerani mosapitirira timathovu tanu tating'ono kwambiri, mukupuma. Pamamita asanu imani mphindi zitatu. Mantha akakugwirani, lekani chilichonse, pumani katatu, kenako muganize. Pamwamba sipathawa."

Powapatsa makhadi awo anawagwira chanza mmodzimmodzi. Kwa awiri a kukampani yamadzi anawonjezera mawu.

"Khadi ili silikunena kuti mwadziwa. Likunena kuti mwaloledwa kuyamba kuphunzira. Lowani kaye m'madzi oyera kambirimbiri. Kudamu kwanuko musalowe nokha. Ndiitaneni ndidzalowe nanu, ngakhale kakhumi."

Mlongo wake wa Mapaipi anakaika satifiketi ya mwamuna wake m'felemu, naipachika pabalaza pamwamba pa chithunzi cha ukwati. Ana awo awiri aakazi ankaimirira pampando kuti aiwerenge.

Patatha sabata zitatu kunagwa mvula ya masiku anayi. Mtsinje wothira m'damu unatsika ndi mitengo, zinyalala ndi dothi lofiira, ndipo sefa yachitsulo yotchinga pakamwa pa paipi yaikulu inatseka. Mapampu anayamba kukoka mphepo. Pofika tsiku lachitatu tauni yonse inali pamzere ndi zidebe, ndipo chipatala chinali chitaimitsa maopaleshoni.

Kapitawo anawaitanitsa muofesi yake yaing'ono ya kudamu, momwe munali tebulo lachitsulo, mapu ofwifwa pakhoma ndi foni yomwe sinkaleka kulira. Maso ake anali ofiira.

"Mulowe lero," anatero.

"Aphunzitsi anati tiwaitane," anayankha Mapaipi.

"Ndawaimbira. Ali ndi kalasi, akuti afika Lachisanu. Lero ndi Lachiwiri. Ndikauze chipatala kuti chidikire Lachisanu? Kampani inakutumizani kusukulu kuti mudzapachike mapepala pakhoma?"

"Madzi ndi akuda, bwana. Sitinalowepo m'madzi otere."

"Aa, alamu, sefa ndi sefa," analowerera Wailesi. "Ine ndimaidziwa kuchokera pamapu ngati nkhope ya apongozi anga. Titsika ndi chingwe, tizula zinyalala, tikwera. Tiyi asanazizire n'komwe."

Mapaipi anamuyang'ana. Anafuna kunena za tsiku la mayeso lija, pomwepo pamaso pa kapitawo. Koma zikanakhala ngati kumuvula munthu pagulu, ndipo munthuyo anali bambo wa ana a mlongo wake. Anangoti, "Mapampu azimitsidwe onse, ndipo swichi ikhomedwe."

Wailesi mwiniwake anakazimitsa, nakhoma bokosi la swichi ndi loko, kiyi n'kumumangirira m'khosi mwake ndi kachingwe.

Cha m'ma teni koloko woyendetsa boti wa kampani anawafikitsa pansanja ya konkire yomwe inaima pakati pa damu. Madzi anali ngati tiyi wamkaka. Anamanga chingwe chokhala ndi mfundo pamita iliyonse kumakwerero a nsanjayo, nachiponya pansi ndi chitsulo cholemera. Kenako anayenderana zida monga anaphunzitsidwa: mpweya wotsegula, geji yodzaza, malamba omanga, chopumira chachiwiri pamalo pake. Mapaipi anaona kuti manja a mlamu wake akunjenjemera pang'ono pomanga tochi padzanja.

"Muli bwino?"

"Kuzizira basi. Mukakumana ndi ng'ona pansipo, muiuze kuti wonona ndinu."

Atangomira kutalika kwa munthu, dzuwa linasanduka chikasu, kenako lofiirira, kenako linazimiririka. Tochi inkangounikira fumbi loyandama, ndipo munthu sankaona kupyola chigongono chake. Mapaipi ankatsika mfundo ndi mfundo, akutsina mphuno kumasula makutu, akumvera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Pamwamba pake ankamva kupuma kwa Wailesi, kofulumira, kwafupikufupi ngati kwa galu wothamanga. Pamfundo ya khumi anaima, namugwira pamkono, nabweretsa nkhope yake pafupi. Anamuonetsa ndi dzanja kuti apume pang'onopang'ono. M'kuwala kwa tochi maso a Wailesi anali aakulu m'kati mwa magalasi, koma anapanga chizindikiro choti ali bwino. Anapitiriza.

Sefa anaipeza pamfundo ya khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anaipeza ndi manja, osati ndi maso: zitsulo zozizira zoterera, ndipo pamwamba pake khoma la nthambi, masaka ndi mapulasitiki zokanikizana. Anayamba kuzula. Chilichonse chomwe ankakoka chinkautsa matope, mdima n'kumawonjezeka. Ntchito inayenda ndithu kwa mphindi khumi. Mapaipi anayang'ana geji yake, nayang'ananso ya mlamu wake. Ya Wailesi inali itatsika kale kufika theka. Anaganiza kuti achotse nthambi imodzi yaikulu yomwe inapingasa pakati, kenako akwere.

Anaigwira onse awiri, nakoka. Inakana. Anakokanso, ataponda pasefa. Nthambi inamasuka, ndipo chinthu chachikulu chomwe inkachirikiza chinagubuduka n'kuwagwera. Mapaipi anamva ubweya wonyowa ukumukhula pamkono. Tochi yake inaunika diso loyera ndi mano aakulu achikasu. Inali ng'ombe yakufa, yotupa, yobwera ndi madzi osefukira. Mwendo wake wouma unazungulira n'kumumenya Wailesi kumaso.

Zomwe zinatsatira Mapaipi anaziona zidutswazidutswa. Magalasi a Wailesi akuyandama okha. Chopumira chikulendewera pambali, chikulavula thovu. Nkhope yopanda magalasi, maso otsinzina, milomo yotsekana zolimba. Anatambasula dzanja ndi chopumira chake chachiwiri, nachikankhira pakamwa pa mlamu wake, koma Wailesi anachikankha, namumenya ndi bondo pachifuwa, nayamba kupalasa chokwera. Mapaipi anagwira sefa ndi dzanja limodzi, lina n'kugwira chipsepse cha kuphazi lamanja. Anakoka ndi mphamvu zake zonse. Phewa lake linalira. Kwa kamphindi anamugwiradi. Kenako lamba wa chipsepse anavuka, ndipo kulemera konse kunatha.

Anatsala yekha mumdima, chipsepse chili m'manja.

Thupi lonse linamuuza kuti atsatire. Anazindikira kuti nayenso wagwira mpweya. Anautulutsa. Anakoka, natulutsa, katatu. Kenako anafufuza chingwe ndi dzanja mpaka anachipeza, nayamba kukwera mfundo ndi mfundo, tochi ataiunikira patimathovu take kuti asatipitirire. Ankapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti Wailesi akhale atatsegula pakamwa, atakuwa, atatukwana, chilichonse.

Pamfundo yachisanu madzi anayamba kufiirira, ndipo anaona mthunzi wa boti pamwamba. Anaima. Anadziuza kuti ndi lamulo, mphindi zitatu. Koma pansi pamtima ankadziwa kuti manja ake akana kusiya chingwe chifukwa akuopa chomwe akapeze pamwambapo. Boti linkagwedezeka ngati wina akulimbana ndi katundu wolemera. Iye anakhala pomwepo akuwerenga kupuma kwake mpaka mphindi zitatu zinakwana.

Atatulutsa mutu anamva woyendetsa boti akukuwa.

"Munali kuti? Munali kuti, bambo inu? Munthu akufa kuno!"

Wailesi anali chagada m'boti, zida zikali kumsana. Pakamwa pake pankatuluka thovu lofiirira. Diso limodzi linkayang'ana kumwamba, lina linali litatsinzina theka. Woyendetsa boti anati Wailesi anatumphuka m'madzi mpaka m'chiuno ngati nsomba, nakuwa kamodzi, kenako anangolefuka. M'botimo munalibe silinda ya okosijeni yothandizira munthu wovulala kupuma. Inali pamndandanda wa zinthu zomwe aphunzitsi analembera kampani, koma inali isanagulidwe.

Anamugoneka kumbuyo kwa galimoto ya kapitawo, Mapaipi atamugwira mutu, zovala za m'madzi zikali m'thupi. Kuchipatala anamwino anadula zovala za Wailesi ndi sizasi, namuika pamakina. Dokotala, mayi wachitsikana wooneka wotopa, anamutengera Mapaipi pambali m'khonde.

"Mpweya wang'amba mapapo," anatero. "Thovu lina lalowa m'magazi, lakatseka mitsempha ya kuubongo. Afunika chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya, koma chapafupi chili ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo pakali pano sangayende. Anakwera mothamanga?"

"Eya."

"Atagwira mpweya?"

Mapaipi anangogwedeza mutu.

Mlongo wake anafika akuthamanga, nsapato zili m'manja, sopo wochapira akali m'mikono. Sanalire. Analowa, nakhala m'kati kanthawi, natuluka n'kukhala pabenchi pambali pa mchimwene wake osamuyang'ana. Anthu ankadutsa ndi mabeseni ndi mabulangete. Pansi pa benchi panali dziwe la madzi odontha kuchokera m'zovala za Mapaipi.

Dzuwa litapendeka kapitawo anatulukira m'khondemo. Anavula chipewa, napepesa, nafunsa mmene zinthu zilili. Kenako anaima akupotokola chipewacho.

"Pepani kuti ndikufunsa nthawi ngati ino. Koma mbali ina ya sefa yatseguka, madzi atha kulowa. Kiyi wa swichi ali kuti?"

Mkazi wa Wailesi anaimirira, nalowa muwodi. Anatuluka ndi kachingwe kodula komwe anamwino anaika pakabati, nakaponya pansi pamapazi a kapitawo. Kapitawo anawerama, natola, napita. Usanafike m'mawa mipopi ya m'tauni inayamba kutulutsa madzi.

Wailesi anamutengera kuchipinda chachitsulo chija tsiku lachitatu. Madokotala akumeneko anayesa, koma anati nthawi yabwino inali itadutsa. Anabwerako ali moyo. Mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu omwe anatsala nawo anali atatu kapena anayi, omwe ankatuluka nthawi yosayenera. Akafuna madzi ankati "iyayi." Akaona ana ake ankati "iyayi," misozi ikutsika mbali imodzi.

Funso linabwera sabata yachiwiri, pabwalo la chipatala pomwe odikirira odwala ankayanika zovala. Mlongo wake wa Mapaipi ankafinya thawulo.

"Achimwene, woyendetsa boti akuti inu munatuluka patapita mphindi zisanu ndi imodzi."

"Ndi momwemo."

"Mphindi zisanu ndi imodzi munkatani?"

"Ndinkakwera. Munthu sakwera mothamanga, ndi zomwe zawapweteka alamu."

"Ndiye inu munakumbukira malamulo onse, mnzanu akutsamwa magazi m'boti."

"Ndinawagwira, mlongo wanga. Ndinawagwira phazi, chipsepse chinavuka."

"Inu mwabwerako ndi chipsepse. Ine ndikachitani chipsepse?" Anayanika thawulolo, nalikoka m'makona mpaka linawongoka. "Ankakukhulupirirani. Tsiku lomwe ankanyamuka anandiuza kuti usadandaule, achimwene ako sapupuluma. Sanalakwitse. Simupupulumadi."

Kuyambira tsiku limenelo ankangomuyankha moni basi.

Lachisanu lija aphunzitsi anafika monga analonjezera, napeza zonse zitachitika. Patapita masiku analowa ndi Mapaipi kukamaliza ntchito, poti sefa inali ikali yotseka theka ndipo ng'ombe inali ikuolera pakamwa pa paipi. Mapaipi sankafuna, koma panalibe wina wodziwa pomwe zinthu zili. Ng'ombeyo anaimanga zingwe m'miyendo, anthu a pamwamba n'kuikoka ndi galimoto. Inatuluka zidutswa ziwiri. Atamaliza anakhala awiriwiri pamakwerero a nsanja, zida zili pambali, ndipo Mapaipi anakhala mbali ya khutu lomwe limamva.

Anawauza zonse. Za mphuno yotsinidwa tsiku la mayeso, za manja onjenjemera m'boti, za mphindi zitatu pamfundo yachisanu.

Aphunzitsi anamvetsera akuyang'ana madzi.

"Mphindi zitatuzo mukanatha kuzidumpha," anatero potsiriza. "Mnzako akavulala umakwera pang'onopang'ono koma osaima. Ndinakuuzani zimenezo, mwina simunamve, mwina sindinanene mokwanira. Koma sizikanasintha kanthu. Mapapo anang'ambika asanafike n'komwe pamwamba. Mukanamuthamangira, tikanagoneka awiri."

"Nanga za mphuno?"

"Zimenezo zikanasintha." Sanamuyang'ane. "Ndikanamusunga m'dziwe sabata ina. Ambiri amazolowera, ndi nkhani ya kubwereza basi. Akanakana kuzolowera, sindikanamupatsa khadi, akanandida, bwenzi lero akuyenda. Inu munaona n'kukhala chete. Ine ndinatembenuka, ndipo nditatembenukanso sindinamuuze kuti ayambirenso. Ndinasaina ndine. Katundu ameneyu tigawana, musamutenge nokha."

Kampani inakhazikitsa komiti yofufuza. Inakhala masiku awiri m'chipinda cha misonkhano, momwe munali tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi. Mapaipi anafotokoza kuti anapempha kudikira aphunzitsi, ndiponso kuti m'boti munalibe okosijeni. Mlembi analemba. Lipoti litatuluka linati ngoziyo inachitika chifukwa wogwira ntchito sanatsatire zomwe anaphunzitsidwa pokwera pamwamba. Za okosijeni zinali m'ndime yomaliza, ngati langizo la m'tsogolo. Kapitawo anamusamutsira kunthambi ina. Silinda yobiriwira ya okosijeni inagulidwa mwezi womwewo, n'kuimangirira m'boti.

Mapaipi anapempha kubwerera kumapaipi. Anamukaniza, nati pakampani palibenso wina wa khadi. Anavomera atawauza kuti salowa popanda aphunzitsi mpaka atapezeka mnzake wodziwa, ndipo nthawi ino palibe anatsutsa. Pansi pa madzi ankapumabe bwino monga kale. Kumtunda ndi komwe mpweya unkamuthera. Ankatha kukhala pamzere kusitolo, chifuwa n'kungothina, mpaka kutuluka panja kukatsamira khoma.

Wailesi anatuluka m'chipatala patatha miyezi iwiri ndi theka. Nyumba yawo inali pamtunda, ndipo kuchokera pamsewu kufika pakhomo panali masitepe asanu ndi awiri a simenti. Galimoto itaima, aneba anasonkhana, aliyense akupereka nzeru za kanyamulidwe ka njinga ya olumala. Mapaipi sanadikire. Anawerama, namubereka mlamu wake kumsana, mkono wamoyo uja utamukoleka m'khosi. Munthuyo anali atapepuka ngati mwana wasukulu. Pasitepe iliyonse Mapaipi ankamva mpweya wotentha pakhutu pake, ndi malovu akudonthera pakolala.

Anamukhazika pampando wa pabalaza. Pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha ukwati, panatsala msomali wokha. Ana anaima pakhomo la kuchipinda akusuzumira, osayandikira.

Asanachoke, Mapaipi anagwada pafupi ndi mpando pomwe mlongo wake anali kukhitchini.

"Alamu, ndikananena tsiku lija. Ndikananena kwa aphunzitsi, kapena kwa kapitawo. Mundikhululukire."

Wailesi anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso lake labwino. Milomo inagwedezeka, khosi linalimbana. "Iyayi," anatero. Mapaipi sanadziwe ngati akukana kukhululuka, kapena akuti palibe mlandu, kapena akufuna madzi. Anamupatsa madzi. Wailesi anamwa pang'ono, ena n'kutayikira pachifuwa.

Mapaipi akutsika masitepe, mlongo wake anatuluka kumbuyo kwake, akupukuta manja pansalu.

"Achimwene."

Anaima. Kanali koyamba kumuitana kuyambira pabwalo la chipatala.

"Lachinayi lililonse akufunika kuchipatala, kokawongola ziwalo. Ine sindingawabereke, ndipo inu simudzapezeka nthawi zonse. Masitepe awa achoke. Pakhale potsetsereka poti njinga izidutsa."

"Ndamva."

"Sindikunena kuti nkhani yatha."

"Ndikudziwa."

Loweruka m'mawa anabwera ndi wilibala, matumba atatu a simenti, nyundo yaikulu ndi matabwa. Anayeza kutsetsereka ndi chingwe, napeza kuti njirayo iyenera kukhota kamodzi, apo ayi njinga idzathamangira mumsewu. Anaphwanya masitepe anayi apansi dzuwa lisanatenthe. Mlongo wake anamukokera mwamuna wake pakhonde kuti aotheko dzuwa, namufunditsa bulangete m'miyendo, n'kubwerera m'nyumba. Mwana wamkulu anabweretsa madzi a m'chidebe osakanizira simenti, nafunsa ngati malume amaliza lero.

"Lero ayi," anatero Mapaipi. "Simenti imafuna masiku kuti igwire. Uwauze amayi ako kuti mpaka Lachitatu muzidzera kuseri."